Zimene Alamu Anaona M'diso la Achemwali

Alamu anga ankayeza maso. Anthu ambiri ankawatchula kuti adokotala, koma iwo ankakana nthawi zonse. "Dokotala amang'amba," ankatero, "ine ndimangoyeza basi." Dzina limene linawakanirira linachokera kwa telala wa shopu yoyandikana nayo. Khoma lapakati pawo linali lopyapyala, ndiye telalayo tsiku lonse ankamva funso limodzimodzi. Munthu akakhala pampando, alamu ankamuveka chifelemu cholemera chachitsulo, n'kumalowetsamo timagalasi tozungulira mosinthasintha, uku akufunsa kuti, "Labwino ndi liti, ili kapena ili?" Posakhalitsa msewu wonse unkawaitana kuti a Ili-kapena-ili, ndipo iwo ankavomera.

Shopu yawo inali ya zipinda ziwiri. Chakutsogolo chinali chowala, mafelemu ali mbwee pakhoma, kauntala pakona, benchi la odikira pafupi ndi zenera. Chakumbuyo chinali chamdima, chopanda zenera, ndipo chinali chachifupi kwambiri moti bolodi ya zilembo inkakhala kumbuyo kwa mpando, zilembo zake zotembenuzidwa, munthu n'kumaziwerenga pa kalilole wa kutsogolo kwake. Panalinso bolodi ina ya chilembo chimodzi chokha cha miyendo itatu, choloza uku ndi uku, ya anthu osadziwa kuwerenga. Alamu sanafunsepo munthu ngati amatha kuwerenga. Akangoona kuti wina wayamba kuchita manyazi, ankati, "Lero tigwiritse ya miyendoyi, ndi imene ndimaikonda ine. Muzingoloza ndi dzanja kumene miyendo yapita."

Iwo eni anakula osaona patali. Kusukulu ankadya chikwapu chifukwa chokopera zolakwika pabolodi, ndipo aliyense anangovomereza kuti mwanayu mutu ndi wouma. Mphunzitsi wina wamkazi ndiye anazindikira kuti mwana wouma mutuyo akakhala kutsogolo amakhoza zonse. Tsiku limene anavala magalasi oyamba kunkagwa mvula. Ankatiuza kuti anaima pakhomo pa chipatala kukamwa kuli yasa, chifukwa sankadziwa kuti mvula imaoneka ikamagwa. Ankayesa kuti imangomveka padenga ndi pakhungu.

Achemwali anga anali oyamba kubadwa kwathu, ine wotsiriza. Ankagulitsa nsalu m'sitolo ina pamene anaperekeza bambo athu kukayezetsa maso. Alamu anawayeza bambo mofatsa, kenako anatuluka nawo n'kuwasankhira felemu lalikulu, lakuda, lozungulira. Achemwali anayang'ana bambo, n'kuyang'ana alamu.

"Achimwene, bambo angawa abwera ndi vuto la maso. Nanga mwawasandutsiranji kadzidzi?"

"Koma aziona bwino," anatero alamu.

"Iwo aziona bwino, inde. Nanga ife owaonafe?"

Anapita okha pakhoma, anatenga felemu lina lopyapyala n'kuwaveka bambo, ndipo bambo anaoneka ngati achotsa zaka khumi. Pabenchi panali mayi wina akudikira. Alamu anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Chemwali, musanapite, mungawasankhireko awanso?" Chaka chisanathe, achemwali anali atasiya nsalu, mphete ili pachala, akulamulira kauntala.

Kuyambira pamenepo shopu inagawika pawiri. Mkati mwa diso munali mwa alamu, kunja kwa diso kunali kwa achemwali. Pantchito ankaitanana kuti abwana ndi amanijala, ndipo aliyense ankadziwa kuti wamkulu pa awiriwo ndi manijala. Achemwali ndiwo ankalandira anthu, kukonza mzere, kusankha mafelemu, kutumiza manambala ku wekishopu yodulira magalasi ndi kukalipira a kumeneko akachedwetsa. Ankadziwa pamtima kuti uyu ali ndi shuga ndipo nthawi yake yobweranso yakwana, n'kumuimbira foni ngati akuimbira mbale wawo wozemba. Mwana wolira ankamukhazika pakauntala n'kumuyesa mafelemu onse a ana mpaka aseke.

Alamu anali ochedwa. Munthu akalowa m'chipinda chamdima, amene atsala pabenchi ankadziwa kuti nthawi yogona ilipo. Alamu sankalola kuti wina atuluke asanamusuzumire mkati mwa diso ndi katochi kawo kapadera, chifukwa ankati kumeneko ndi malo okhawo m'thupi amene munthu ungaone mitsempha ili moyo popanda kumucheka. Anthu ambiri anadziwira pampando umenewo kuti ali ndi shuga kapena kuti magazi awo akuthamanga. Mzere ukakula, achemwali ankagogoda khoma ndi supuni ya tiyi. Kugogoda kamodzi kunali kukumbutsa. Kawiri kunali nkhani ya kunyumba.

Ankakangananso pa za malonda. Tsiku lina kunabwera bambo wonenepa, wa suti, wofuna magalasi oti aziwoneka wophunzira pamisonkhano. Alamu anamuyeza n'kumuuza kuti maso ake ndi abwino kuposa a mwana, asataye ndalama. Achemwali anamudikira pakhomo n'kumugulitsa magalasi a dzuwa, awiri.

"Inu mumachiritsa anthu, abwana," anatero bamboyo atapita. "Ine ndimachiritsa lendi."

Ana sanabwere m'banja mwawo. Anayendera zipatala, analira zolira zawo chitseko chili chotseka, kenako anasiya kuikamba nkhaniyo. Achibale ena a alamu anayesa kuwanong'oneza za mkazi wina. Alamu anawayeza maso mwaulere n'kuwaperekeza mpaka pamsewu, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ana anga ndiwo anakhala ana awo. Aliyense wa iwo anaphunzira zilembo pa kalilole wa m'chipinda chamdima chija.

Pa zaka zonsezo, achemwali sanakhalepo pampando woyezera. Ankanyadira kuti maso awo ndi a mphamba, kuti amalowetsa ulusi m'singano ali chilili, ndipo kuti m'nyumba imodzi wakhungu mmodzi akwana. Ndiye pamene mutu unayamba kuwapweteka, palibe amene anaganiza za maso. Unkawapweteka m'mawa akangodzuka, nthawi zina mpaka kusanza, kenako masana n'kuchepa. Iwo ankati ndi msinkhu, akazi onse amadutsamo. Ankameza mapiritsi a mutu n'kukatsegula shopu.

Ine nthawi imeneyo ndinkaluka majuzi a ana asukulu kunyumba. Loweruka lina masana ndinapita kushopu chifukwa mwendo wa magalasi anga unali utakhwefuka. Ndinapeza akutseka, koma nkhope ya alamu sinali bwino. M'mawa wa tsikulo achemwali anali atapatsa munthu magalasi a munthu wina, chinthu chimene sichinachitikepo. Ndili pomwepo, anathira tiyi m'kapu, theka lake n'kutayikira patebulo. Potuluka kukatenga kansalu anagunda phewa lakumanzere pamphuthu ya chitseko.

"Amanijala," anatero alamu, "takhalani pampando."

"Ine? Mwasowa makasitomala?"

"Tangokhalani, ndione chabe."

Analowa akuseka, ine ndinawatsatira kuti ndidzawaseke akalephera zilembo. Zilembo anawerenga, ngakhale mzere wapansi unawavuta. Kenako alamu anakhala moyang'anizana nawo, anawauza kuti ayang'ane mphuno yawo, n'kumagwedeza zala m'mbali. Kumanja achemwali ankaziona. Kumanzere zala zinagwedezeka, zinagwedezekanso, achemwali ali phee kudikira kuti ayambe.

Alamu anazimitsa magetsi n'kuyatsa katochi kaja. Kuti uone mkati mwa diso ndi katochi kotero umayenera kuyandikira mpaka tsaya kutsala pang'ono kukhudza tsaya.

"Musandipsompsone pamaso pa mwana," anatero achemwali. Ine ndinali mayi wa ana atatu, koma kwa iwo ndinali mwana basi.

Alamu sanaseke. Anayang'ana diso lakumanja nthawi yaitali. Anapita kwa lakumanzere. Anabwereranso kwa lakumanja. Mu mdimamo ndinkamva mpweya wawo wokha. Kenako anawongoka n'kutembenukira kwa ine.

"Mlamu, takhalani apa pang'ono."

Achemwali anandipatsa malo. Alamu anandiunika diso limodzi, mwachangu, n'kuchotsa katochiko.

"Kodi tochi yawonongeka?" ndinafunsa.

"Ayi," anayankha motsitsa mawu. "Ili bwinobwino."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chifukwa chimene anandikhazikira. Ankafuna aone diso labwino, mwina apeze kuti cholakwika chili m'tochi.

Anayatsa magetsi. Anali ndi lamulo lawo lakuti nkhani yovuta samuuza munthu ali chiimire, ndiye anawakhazikanso achemwali pampando, iwo n'kukhala pa kasitulu kawo kafupi. Anafotokoza monga ankafotokozera aliyense. Anati kumbuyo kwa diso kuli kamalo kozungulira ngati batani, pamene mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umalowera. Kamalo kameneko kamayenera kukhala ndi m'mphepete mooneka bwino. Kwa achemwali m'mphepetemo munali mutafufutika ngati inki yogwera madzi, maso onse awiri. Mtsempha unali utatupa, ndipo umatupa chotero ngati m'mutu muli chinthu chimene chikukankha.

"Ndiye mundipangira magalasi anji?" anafunsa achemwali.

"Si za magalasi, mayi." Aka kanali koyamba kuwamva akuwatchula chotero m'shopu. "Tiyeni kuchipatala."

"Lolemba."

"Lero."

"Nanga zovala ndasiya pachingwe?"

"Mlamu akaanula."

Ndinakaanula. Ndikukumbuka kuti ndinazipinda bwinobwino, chimodzichimodzi, ngati kuti kupinda bwino kungathandize kanthu.

Kuchipatala chachikulu anawajambula m'mutu ndi makina, ndipo chithunzi chinaonetsa chotupa mu ubongo, mbali yakumanja. Dokotala wachinyamata amene anatiuza anawagwira alamu dzanja n'kuwayamikira. Anati oyeza maso onse akanakhala otere bwenzi ntchito ikupepuka, chifukwa ambiri amafika atachedwa.

"Nanga ife sitinachedwe?" anafunsa alamu.

Dokotalayo anayamba kukonza mapepala a patebulo pake amene anali okonzeka kale.

Madokotala anawachita achemwali opaleshoni n'kuchotsa zimene zikanatheka kuchotsa. Zotsalazo anati zili pamalo oti mpeni sungafike popanda kuwononga munthu yense. Masiku amenewo ine ndinasiya majuzi n'kukakhala pakauntala. Ndinasokoneza zambiri. Anthu ankabwera tsiku lolakwika, a ku wekishopu ankandiyankha mwachipongwe chifukwa ankadziwa kuti sindiluma, ndipo mafelemu amene ndinkasankhira anthu anali ongoti bola akwana. Alamu ankayeza m'mawa, masana n'kuthamangira kuchipatala. Sanandidzudzulepo. Ankangoti, "Mwayesetsa, mlamu," n'kukonza okha zimene ndalakwitsa.

Kenako kunabwera miyezi yabwino, imene inatinyenga tonse. Achemwali anatuluka m'chipatala, mphamvu zinabwerera, ndipo tsiku lina analowa m'shopu atavala wigi imene inawachititsa kuoneka ngati woimba kwaya ya pa wailesi yakanema. Anayendera khoma la mafelemu n'kugwira pakamwa.

"Iwe mwana, wasakaniza a amuna ndi a akazi? Ukufuna abusa atuluke muno atavala a maluwa?"

Telala anabwera kudzawaona, wokonza mafoni wa mbali inayo anabwera ndi zakumwa, ndipo masana a tsikulo supuni inagogodanso khoma. Ndinamva alamu akuseka m'chipinda chamdima, kasitomala ali pampando osadziwa choseketsa.

Ine ndinakhulupirira kuti zatha. Alamu sanakhulupirire. Mabuku awo akale a kusukulu anali atabwerera patebulo la kunyumba, ndipo ankadziwa zimene zikubwera kuposa ife. Ankadzifunsanso funso limene linawadya mpaka mafupa: mkazi amene anagona pambali pawo zaka zonsezo, amene ankakhala kuseri kwa khoma lopyapyala tsiku ndi tsiku, analephera bwanji kumusuzumira m'diso ngakhale kamodzi? Madokotala anawauza kuti chaka chapitacho sakanaona kanthu, kuti chotupa chamtundu umenewo chimakula mofulumira. Iwo ankagwedeza mutu mwaulemu, koma mawuwo sankalowa.

Kuona kunayamba kuchoka pang'onopang'ono. Mbali yakumanzere inali itapita kale, ndipo tsopano chifunga chinayamba kulowa pakati. Achemwali anakana kukhala kunyumba. Tinkawakhazika pampando kuseri kwa kauntala, ine ndikugwira za mafoni ndi mapepala, iwo akumvetsera. Ankazindikira makasitomala akale ndi mawu okha. Nkhope zitasiya kuoneka, anayamba kusankha mafelemu ndi zala. Ankati, "Bwerani pafupi, bambo, musaope, sindiluma," n'kuyendetsa nsonga za zala pamphumi, pamphuno, pamasaya, kenako n'kundiuza kuti, "Tenga lofiirira lija, mzere wachiwiri, la makona ofewa." Abambo akuluakulu ankawerama ngati ana akusambitsidwa kumaso. Sindinaonepo wina akukana, ndipo sindinaonepo achemwali akulakwitsa nkhope.

Tsiku lina titatseka, anati, "Abwana, ndipangireni magalasi."

Alamu anayesa kufotokoza kuti diso lenilenilo ndi labwino, kuti vuto lili panjira yochokera m'diso kupita ku ubongo, ndipo galasi silingafike kumeneko.

"Mwathandiza tauni yonse," anatero achemwali. "Oledzera, akuba, apongozi a anthu. Ine ndekha ndiye mukundikaniza?"

"Sindikukukanizani, mayi."

"Ndiye ndiyezeni. Kapena mukuopa kuti sindilipira?"

Alamu anawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'chipinda chamdima. Ine ndinaima pakhomo. Anawaveka chifelemu chachitsulo chija, analowetsa kagalasi, anakachotsa, analowetsa kena.

"Labwino ndi liti, ili kapena ili?"

Achemwali anayang'ana kumene kunali kalilole. Anapendeketsa mutu ngati munthu amene akuganiza mozama.

"Bwerezani."

"Ili... kapena ili?"

"Lachiwirilo. Lachiwirilo lili bwinoko."

Ndinkaona manja a alamu. Ulendo wachiwiriwo sanasinthe galasi, anangoligogoda ndi chala kuti limveke ngati lasintha. Achemwali ankanama kuti mwamuna wawo asamve kuti walephera, ndipo alamu anadziwa, koma anapitiriza mpaka kumapeto, diso lakumanja, diso lakumanzere, osadumpha kanthu, monga ankachitira ndi munthu aliyense. Analemba manambala papepala n'kundipatsa kuti nditumize ku wekishopu. Misozi inali ikutsikira m'ndevu zawo, koma mawu awo sananjenjemere ngakhale pang'ono.

Felemu anasankha achemwali eni. Panali lina lofiira kwambiri limene linakhalitsa pakhoma chifukwa aliyense wolifuna achemwali ankamuuza kuti silikumukhala. Tsikulo anaulula. "Ndinkadzisungira ine, ndikadzakalamba." Magalasiwo atabwera anawavala, ndipo sanawavulenso kupatula posamba. Alendo akabwera kunyumba kudzawaona ankawauza kuti, "Amuna anga andipangira. Anthu amati amachedwa, koma ntchito amaidziwa."

Pambuyo pake miyendo inafooka, mawu anayamba kusokonekera, ndipo kushopu sanapitenso. Alamu anatseka chipinda chamdima kwa milungu ingapo n'kukhala pambali pawo. Ankawasambitsa okha, kuwadyetsa okha, ndipo m'mawa uliwonse ankawapukutira magalasi ofiira aja ndi kansalu kofewa asanawaveke. Achemwali anamwalira masana a tsiku lotentha, zenera lili lotsegula, ana a nyumba yoyandikana nayo akusewera mpira panja. Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka makapu. Alamu anabwera pakhomo n'kunena kuti, "Mlamu, siyani kaye zimenezo."

Pamwambo wa maliro m'tchalitchi munadzaza. Ndinakhala kutsogolo, ndipo nditatembenuka nthawi ya nyimbo ndinaona chinthu chimene sindidzachiiwala: mizere ya anthu ovala magalasi, ambiri a iwo sindinkawadziwa mayina, wina akuvula kuti apukute m'maso, wina akuvalanso. Pafupifupi felemu lililonse m'nyumbamo linali losankhidwa ndi munthu amene anali m'bokosi.

Alamu anatsegulanso shopu msanga kuposa mmene tinkayembekezera, ndipo poyamba tinati ndi bwino, ntchito iwatonthoza. Koma munthu amene anabwerera m'chipinda chamdima sanali yemwe uja. Kale ankasuzumira m'diso la aliyense wodzayezetsa. Tsopano ankasuzumira m'diso la aliyense wolowa pakhomo: wodzamangitsa kasikuluwu ka magalasi, woperekeza mnzake, wogulitsa nthochi. Munthu akangotchula mutu, nkhope yawo inkasintha. Ankamudonthezera mankhwala okulitsa mwana wa diso, kumuunika, kumuunikanso, kenako n'kumutumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Anthu ankatuluka ali ndi mantha, kukagona pamzere wa chipatala, n'kuuzidwa kuti alibe vuto. Ena anabwera kudzakalipa. Ambiri sanabwerenso.

Dokotala wa maso wa kuchipatala chachikulu, amene anali mnzawo wakalekale, anabwera yekha kushopu tsiku lina. Anakhala pabenchi ngati kasitomala mpaka anthu atatha. Ndinamva akunena mofatsa kuti, "Achimwene, kale mukatitumizira munthu tinkasiya zonse, chifukwa tinkadziwa kuti mwaonadi kanthu. Tsopano mukutitumizira anthu abwinobwino. Pumulani kaye."

"Nanga ndikaphonya mmodzi?" anafunsa alamu.

"Simunaphonyepo. Ngakhale amayi aja simunawaphonye."

Alamu anathokoza, anamuperekeza mnzawoyo, ndipo palibe chimene chinasintha.

Mapeto anabwera ndi mtsikana wina wogwira ntchito ya pakompyuta, amene anati mutu umamupweteka akaweruka. Analowa m'chipinda chamdima, ndipo nthawi inapita, inapitanso. Ndinamva mtsikanayo akuti, "Bambo, kuwalako kukundiwawa." Kenako kunangoti zii. Nditatsegula chitseko ndinapeza mtsikanayo ataimirira pakona, chikwama atachikumbatira pachifuwa, ndipo alamu ali pa kasitulu kawo, katochi kali koyaka pamiyendo, mapewa akugwedezeka.

"Ndili ndi chiyani?" anafunsa mtsikanayo. "Ndiuzeni, chonde."

"Ulibe kanthu, mwanangu," anatero alamu. "Maso ako ali bwino kwambiri. Ukungofunika magalasi opepuka a pantchito."

"Nanga mukuliriranji?"

Ndinamutulutsa mtsikanayo, ndinamupatsa madzi, ndinamufotokozera pang'ono, ndipo anapita akupepesa ngati walakwa ndi iye. Nditabwerera ndinapeza alamu ali pomwe paja.

"Mlamu," anatero, "ndinakhala nawo zaka zonsezi. Nkhope yawo ndinkaidziwa kuposa yanga. Koma ndikatsinzina kuti ndiwaone, nkhope sibwera. Umabwera mtsempha uja, wotupa, wofiira m'mbali. Ndi chokhacho chimene chatsala. Ndipo diso lililonse limene ndasuzumira ndimaupeza uli momwemo, ngakhale mulibe. Munthu wotere sayenera kuyeza anthu."

Ndinayesa kuwatsutsa. Ndinati apume mwezi umodzi kapena iwiri, apite kwa mlongo wawo akasinthe mphepo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anazimitsa katochiko n'kukaika m'bokosi lake.

Shopu anaipereka kwa mayi wina wachitsikana, woyeza maso, amene anaphunzirapo ntchito pansi pawo ali pasukulu. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti ine ndikhalebe pakauntala. Mayiyo ndi wabwino, ndi wachangu, anabweretsa makina atsopano ndipo anapenta makoma. Anthu abwereranso. Ine ndaphunzira kukalipira a ku wekishopu, ndipo mafelemu ndimasankha bwinoko, ngakhale sindidzafika pamene panafika achemwali.

Alamu anakapempha ntchito ku wekishopu yodulira magalasi ija. Eni ake anadabwa kuti munthu wa maphunziro otero akufuna ntchito ya anyamata, koma anawalandira. Amakhala pamakina kuyambira m'mawa, atavala epuloni, akudula ndi kusalaza m'mphepete mwa magalasi. Kumeneko kulibe maso. Kumafika manambala ndi mafelemu opanda nkhope. Magalasi akabwera kushopu ndimadziwa amene adutsa m'manja mwawo, chifukwa ukayendetsa chala m'mphepete sumva pokanda.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wachikulire, dalaivala wopuma ntchito, amene alamu anamupeza ndi shuga kalekale, maso asanawonongeke. Anakana kuyezedwa ndi wina aliyense. Ndinamulozera ku wekishopu, ndipo anapitadi. Anabwerera madzulo n'kukhala pabenchi.

"Anatuluka kudzandiona," anandiuza. "Manja ali mbuu ndi fumbi la magalasi. Anandikumbukira, anafunsa za shuga, anafunsa za akazi anga. Anandiuza kuti ndibwerere kuno, mayi watsopanoyu ndi wodziwa. Koma nthawi yonseyo, mayi, ankayang'ana nsapato zanga."

Lamlungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndimapita kunyumba kwawo ndi chakudya. Timakhala pakhonde. Amafunsa za ana anga mmodzimmodzi, za mayeso, za chifuwa cha wamng'ono, ndipo amadya pang'ono kuti ndisadandaule. Aonda, ndipo tsitsi layera lonse. Dzuwa likapendeka amandiperekeza pokwerera basi n'kuima pomwepo mpaka inyamuke.

Lamlungu lapitali, tikudikira basi, anandifunsa ngati ndikuganiza kuti eni wekishopu angalole munthu kumagwira ntchito ndi Lamlungu lomwe. Ndinati sindikudziwa. Anati akafunsa mawa.